Kulera mwana wa sickle cell mu Lusaka: za tsiku ndi tsiku, ndi zosayenera kudikira kuti kuche

Mwana wa sickle cell amabadwa wonenepa bwino ngati anzake. Miyezi inayi kapena isanu yoyamba mayi saona chachilendo, chifukwa m'thupi mwa mwanayo mukadali magazi amene anali nawo ali m'mimba, amene achipatala amawatcha HbF. Magaziwa akayamba kuchepa, cha pa miyezi 6, m'pamene matenda amadzionetsa: tizala ta kumanja ndi kumapazi kutupa ndi kutentha, mwana kulira kosatonthola mukamugwira, m'maso chikasu, zikhatho kuyera. Apa mabanja ambiri amasochera. Ena amakatemera mwana mphini, ena amaloza chala agogo a kumudzi, ena amati mkaka wa mayi waipa. Mphini zimangowonjezera zilonda ndi kutaya magazi kwa mwana amene magazi ake ndi ochepa kale.

Chimene chalakwika m'magazi

M'maselo ofiira a magazi muli hemoglobin, imene imanyamula mpweya wa okisijeni kuchoka m'mapapo kupita m'thupi lonse. Ya munthu wamba imatchedwa A, ya sickle cell imatchedwa S. Hemoglobin S ikangotula mpweya imagwirana n'kuuma, ndipo selo limene linali lozungulira ndi lofewa limapindika ngati mwezi ukangooneka kumene. Selo lotere limabweretsa mavuto awiri. Limafa msanga, pa masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa masiku 120, motero magazi amakhala ochepa nthawi zonse ndipo m'maso mumachita chikasu. Komanso limatsakamira m'timitsempha ting'onoting'ono n'kutseka njira, ndipo fupa kapena chiwalo chimene chasowa magazi chimapweteka koopsa n'kumawonongeka pang'onopang'ono.

Matendawa sapatsirana, ndipo sachokera kwa mayi yekha monga amanenera apongozi ena. Munthu aliyense amatenga chilembo chimodzi kwa bambo, china kwa mayi. Wa AA alibe chilichonse. Wa AS sadwala, amangonyamula, ndipo amatetezekako ku malungo aakulu. N'chifukwa chake S inafala kwambiri kumadera a udzudzu. Wa SS ndiye wodwala. Bambo ndi mayi onse akakhala AS, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana akhale SS, iwiri woti akhale AS, ndi umodzi woti akhale AA. Mvetsani bwino mawu oti "pa mimba iliyonse". Sizitanthauza kuti woyamba akadwala ndiye kuti atatu otsatira apulumuka. Banja lina limabereka ana anayi popanda wodwala, lina atatu motsatizana onse a SS.

Poyezetsa, musakhutire ndi sickling test yokha. Imeneyi imangonena kuti S ilipo, koma siisiyanitsa wonyamula ndi wodwala. Pemphani Hb electrophoresis kapena HPLC, kapena kachipangizo koyezera pa chala kamene kamaonetsa zilembo zonse ziwiri. Ngati mwana waikidwa magazi posachedwa, dikirani miyezi itatu, apo ayi muyeza magazi a munthu wina. Ndipo gulu la magazi, monga O positive kapena B negative, ndi nkhani ina kotheratu. Anthu ambiri amasokoneza ziwirizi. Kiliniki ya matendawa ili ku chipatala cha ana cha University Teaching Hospital (UTH), ndipo njira yofikirako ndi kalata yochokera ku kiliniki ya kwanu kapena ku zipatala monga Chawama, Kanyama, Matero, Chipata ndi Chilenje. Mwana mmodzi akapezeka nawo, abale ake onse ayezedwe, ngakhale amene akuoneka athanzi.

Madzi, kutentha, ndi timapiritsi tiwiri

Madzi ndiye mankhwala oyamba. Impso za mwana wa sickle cell sizisunga madzi bwino, motero amakodza kawirikawiri ndipo ambiri amakodzera pamphasa mpaka atakula. Kumumana madzi madzulo kuti asanyowetse zofunda ndi kulakwitsa kwakukulu, chifukwa thupi likauma magazi amalimba ndipo maselo amatsekerana. Yalani pepala la pulasitiki pansi pa chofunda, madziwo amwe. Mwana wa makilo 10 asachepere lita imodzi pa tsiku, wa makilo 20 lita imodzi ndi theka, wachikulire malita atatu. Mu Okutobala, kapena mwana akamasewera padzuwa, onjezerani. Njira yosavuta ndi kuwerenga mabotolo a 500 ml: dzazani m'mawa, madzulo muone ngati atha. Thobwa, maheu ndi tiyi wopepuka zimawerengedwa nawo. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndi wochepa, madzi sakukwana.

Madziwo akhale owiritsa kapena othira klorini. Kutsegula m'mimba kumene mwana wina amachira nako m'masiku awiri, kwa wa sickle cell kumatha kuyambitsa ululu usiku womwewo. Sungani mapaketi a ORS m'nyumba, makamaka nyengo ya mvula pamene kolera imavuta m'makomboni. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi. Ikasowa, lita imodzi, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere.

Kuzizira ndi mdani wachiwiri. Lusaka ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa Juni ndi Julayi mphepo imalowa m'mafupa. Kuzizira kumafinya mitsempha, njira imene inali yopapatiza kale n'kutsekeka. Mwana asambe madzi ofunda, masana osati mbandakucha, ndipo mumupukute msanga. Popita kusukulu avale juzi, masokosi ndi chipewa ngakhale anzake amuseke. Akanyowa ndi mvula asinthe zovala nthawi yomweyo. Koma pofuna kumufunditsa musalowetse mbaula m'chipinda chotseka mawindo magetsi akazima. Mpweya wa malasha sununkha, umalanda malo a okisijeni m'magazi, ndipo mwana wamagazi ochepa ndi amene amayamba kukomoka.

Mapiritsi a tsiku ndi tsiku ndi awiri. Folic acid amathandiza mafupa kupanga maselo atsopano, popeza akale akufa msanga. Penicillin V ndiye wofunika koposa, ngakhale makolo ambiri amamupeputsa poti mwana "sakudwala". Chifukwa chake ndi ichi: kumanzere pansi pa nthiti kuli kapamba, chiwalo chimene madokotala amati spleen, chimene chimasefa tizilombo m'magazi. Kwa mwana wa SS chiwalochi chimayamba kufooka asanakwanitse chaka, ndipo tizilombo toyambitsa chibayo tikalowa m'magazi timatha kupha mwana m'maola ochepa. Penicillin amayambidwa mwana ali ndi miyezi iwiri kapena itatu, kawiri pa tsiku, osadumpha, mpaka zaka zisanu kapena kuposerapo. Mlingo wofala ndi 125 mg kawiri pa tsiku kwa wosakwana zaka zitatu, ndi 250 mg kawiri pa tsiku akapitirira pamenepo, koma tsatirani zimene zalembedwa pa khadi la mwana wanu. Katemera yense wa pa khadi la sikelo alandire pa nthawi yake, makamaka wa chibayo wa pa masabata 6, 10 ndi 14.

Mankhwala "owonjezera magazi" a ayironi amene amagulitsidwa m'mashopu musamupatse dokotala asanayeze. Magazi a mwanayu sachepa chifukwa chosowa ayironi, ndipo amene amaikidwa magazi kawirikawiri amakhala nayo yochuluka mpaka kuwononga chiwindi ndi mtima. Pa chakudya palibe chodabwitsa: nsima ndi kapenta, nyemba, mazira, nsinjiro, chibwabwa, bondwe, kalembula, ndi chipatso chilichonse cha nyengo yake. Adye kangapo pa tsiku chifukwa thupi lake limagwira ntchito yambiri. Mazira ndi nkhuku zipse bwinobwino, popeza tizilombo ta Salmonella timakonda kukhazikika m'mafupa a ana amenewa.

Pa malungo pali bodza limene liyenera kufa, loti mwana wa sickle cell sadwala malungo. Amene amatetezekako ndi wa AS. Kwa wa SS malungo amagwetsa magazi mofulumira ndipo amapha. Pakati pa mzinda wa Lusaka malungo si ochuluka, koma ulendo wa tchuthi kapena wa maliro ku Petauke, Katete, Lundazi kapena ku Luapula ndi nkhani ina. Neti ilowe m'chikwama, ndipo musanakwere basi pa Intercity funsani ku kiliniki ngati mwana ayenera kumwa mankhwala oteteza.

Ululu ukayamba

Umagwira m'miyendo, m'manja, kumsana, nthawi zina m'mimba. Musanapereke mankhwala alionse, yezani kutentha kwa thupi ndi themometa. Panadol amatsitsa kutentha, ndiye mukayamba ndi iye mudzabisa chizindikiro chofunika kuposa zonse. Ngati thupi silinatenthe, yambani msanga, musadikire kuti mwana ayambe kudzigwetsa pansi.

Paracetamol, amene ndi Panadol yemweyo, ndi 15 mg pa kilo iliyonse, maola 6 alionse, osapitirira kanayi pa tsiku. Mwana wa makilo 16 ndiye kuti 240 mg: ma ml 10 a wamadzi uja wolembedwa 120 mg pa 5 ml, kapena theka la piritsi la 500 mg. Ibuprofen, amene ambiri amati Brufen, ndi 5 mpaka 10 mg pa kilo, maola 8 alionse, atadya. Awiriwa angathe kuperekedwa limodzi. Brufen musiyeni ngati mwana akusanza, akutsegula m'mimba, sakumwa, kapena adauzidwa kuti impso zili ndi vuto. Asipirini si wa ana. Gwiritsani sirinji kapena kakapu koyezera, osati supuni ya tiyi.

Kenako madzi pang'onopang'ono koma kosalekeza, nsalu yoviikidwa m'madzi ofunda pamalo opweteka, ndi kusisita mofatsa. Madzi ozizira kapena ayezi ayi, amawonjezera ululu. Mwana akhale tsonga nthawi ndi nthawi n'kupuma mozama kakhumi, kapena apope chibaluni. Amene wagona chigonere chifukwa cha ululu wa msana kapena nthiti sapuma mozama, ndipo m'pamene mapapo amayambira kutsekeka. Ngati papita maola angapo ululu osatsika, kapena ukukula, pitani kuchipatala. Kumeneko kuli dripu ndi mankhwala amphamvu monga morphine, ndipo palibe chifukwa chowaopera akaperekedwa pa mlingo wake. Mwana akati zikupweteka, mukhulupirireni. Ululu umenewu suoneka ndi maso, ndipo ana ambiri amaphunzira kubisa chifukwa chonenedwa kuti ndi aulesi.

Zosayenera kudikira kuti kuche

Makolo amaopa ululu chifukwa umamveka. Koma zimene zimapha ana aang'ono kawirikawiri zimabwera mwakachetechete.

Choyamba ndi kutentha thupi. Themometa ikafika pa 38, nyamukani, kaya ndi 2 koloko usiku, kaya mwana akusewera. Osayamba mwagula Coartem wa malungo pa kantemba, osayamba mwaona ngati Panadol athandize. Mukafika nenani pakhomo pomwe kuti mwanayu ndi wa sickle cell ndipo watentha thupi, kuti asaikidwe kumapeto kwa mzere. Ayenera kuyezedwa malungo ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo kawirikawiri amabayidwa mankhwala opha tizilombo zotsatira zisanatuluke n'komwe.

Chachiwiri ndi kapamba kutupa mwadzidzidzi, makamaka pakati pa miyezi 6 ndi zaka zisanu. Magazi amalowa m'chiwalocho osatulukanso, mimba imakula kumanzere, mwana amayera, amafooka, mtima umathamanga, ndipo m'maola ochepa amatha kukomoka. Mayi kapena agogo angathe kuzindikira izi dokotala asanamuone, akaphunzira kufufuza. Gonekani mwana chagada, mawondo opinda, manja anu ali ofunda. Ikani zala zinayi mogona pamimba, kuyambira m'munsi mwa mchombo, n'kumakwera pang'onopang'ono molunjika nthiti za kumanzere, mukukanikiza mofatsa. Mwana akamakoka mpweya, m'mphepete mwa kapamba mumagunda zala zanu ngati nsonga ya lilime lolimba. Werengani kuti kuchokera pa nthiti mpaka pamenepo pakwana zala zingati. Pemphani anesi akuonetseni koyamba, ndipo muzichita tsiku lililonse pomusambitsa kuti mudziwe kukula kwake kwa masiku onse. Tsiku limene mwapeza kuti watsika kuposa kale, ndipo mwana wayera, thamangani. Thandizo lake ndi kuikidwa magazi basi.

Kuyerako muzikuyang'ana m'zikhatho, pa lilime, ndi m'kati mwa chikope cha m'munsi, powala. Dziwaninso nambala ya Hb, imene imaonetsa kuchuluka kwa hemoglobin m'magazi, ya mwana wanu ali bwino. Ambiri a SS amakhala pakati pa 6 ndi 9. Hb ya 7 ingadzidzimutse wachipatala amene sakumudziwa mwanayo, pomwe kwa iye ndi ya masiku onse. Choopsa ndi kutsika ndi 2 kapena kuposerapo kuchokera pa nambala yake.

Chachitatu ndi chifuwa: kupweteka pachifuwa, kutsokomola, kupuma mofulumira kapena mobanika, nthawi zambiri patapita tsiku limodzi kapena atatu ululu utayamba. Kumafanana ndi chibayo koma kumakula msanga, ndipo kumafuna okisijeni, mankhwala obaya, mwinanso magazi.

Chachinayi ndi sitiroko, imene anthu amaganiza kuti ndi ya okalamba. Popanda kuyezedwa ndi kutetezedwa, pafupifupi mwana mmodzi mwa khumi a SS amaigwidwa asanafike zaka 20. Pakamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kulefuka, kulankhula mosamveka, kukomoka, mutu waukulu wadzidzidzi: ngakhale zitatha zokha pa mphindi khumi, pitani. Pali kuyeza kotchedwa TCD, kosapweteka, kumene kamakina kamaikidwa m'mbali mwa mutu kuona liwiro la magazi a mu ubongo. Kumachitika chaka chilichonse kuyambira zaka ziwiri mpaka 16, ndipo liwiro likafika 200 cm pa sekondi mwana amafunika chitetezo chapadera. Funsani za kuyeza kumeneku ku kiliniki ya sickle cell, musadikire kuti akuuzeni.

Chomaliza ndi cha anyamata, ndipo manyazi ndi amene amawononga. Chida chikauma mopweteka popanda chilakolako, amwe madzi, akodze, ayendeyende, asambe madzi ofunda. Zikafika maola awiri osagwa, kuchipatala. Zikapitirira maola anayi mphamvu za umuna zimatha kuwonongekeratu. Bambo kapena amalume amuuze mnyamata zimenezi zisanachitike, chifukwa sadzayamba yekha kuuza mayi ake.

Pa zonsezi, chikwama chikhale chokonzeka: khadi la kuchipatala, khadi la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA ngati muli nalo, kabuku kolemba Hb, makilo a mwana ndi masiku amene adaikidwa magazi, chofunda, botolo la madzi, ndalama ya takisi yosakhudzidwa, ndi nambala ya woyendetsa galimoto amene amayankha usiku.

Hydroxyurea

Mankhwala amenewa asintha moyo wa ana ambiri, koma makolo amawaopa akamva kuti amagwiritsidwanso ntchito pa khansa. Ntchito yake pano ndi kudzutsa HbF ija ya ukhanda, imene imaletsa maselo kupindika. Kafukufuku wa REACH, amene adachitika pa ana a ku Angola, DR Congo, Kenya ndi Uganda ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2019, adapeza kuti ululu, kuikidwa magazi, malungo ndi imfa zonse zidachepa. Mwana angayambe ali ndi miyezi 9. Dokotala amayambira pa 15 mpaka 20 mg pa kilo kamodzi pa tsiku, n'kumakweza malinga ndi magazi, osapitirira 35. Kapisozi wofala ndi wa 500 mg, amene akukwanira mwana wa makilo 25 pa mlingo wa 20 mg. Kwa ocheperapo dokotala kapena wa ku famase ndiye akonze kagawidwe, osati inu kunyumba.

Zimene zimalakwika ndi zitatu. Ena amasiya pakatha mwezi poti sakuona kusintha, chonsecho phindu limaoneka pa miyezi itatu mpaka 6. Ena amamwetsa pokhapokha ululu ukabwera, ngati Panadol, ndipo motero sagwira ntchito. Ena amagula okha osayezetsa magazi, pomwe mankhwalawa angathe kutsitsa kwambiri maselo oyera olimbana ndi matenda. Poyamba magazi amayezedwa mwezi uliwonse, mlingo ukakhazikika miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Zikhadabo kuda pang'ono si choopsa. Sambani m'manja mukagwira makapisozi, mayi woyembekezera asawagwire, ndipo wodwala amene akufuna kutenga mimba kapena kupereka mimba akambirane ndi dokotala kaye.

Kusukulu ndi akamakula

Aphunzitsi alandire kalata yachidule: mwanayu aloledwe kukhala ndi botolo la madzi m'kalasi, kupita kuchimbudzi osafunsidwa mafunso, kuvala juzi, ndi kupuma pa masewera akatopa. Asamuchotse m'masewera onse, koma kuthamanga mpaka kubanika ndi kusambira m'madzi ozizira ayi. Mwana amene amakhoza bwino n'kuyamba kuiwala kapena kubwerera m'mbuyo mwadzidzidzi akaonedwe, chifukwa pali sitiroko yachinsinsi imene siilemaza dzanja kapena mwendo.

Amachedwa kukula ndi kutha msinkhu, mwina ndi zaka ziwiri, koma amafika. Akamakula mavuto amasamukira kwina: chilonda cha pa kakolo chosapola, chiuno chopweteka poyenda chifukwa mutu wa fupa la ntchafu wasowa magazi, miyala ya mu ndulu, impso ndi maso. Mkodzo, BP ndi maso ziziyezedwa chaka chilichonse ngakhale palibe chopweteka. Mtsikana wa SS angathe kubereka, koma sikelo yake ikhale ya kuchipatala chachikulu kuyambira miyezi yoyambirira.

Kuchiriratu kulipo, koma ndi kwa ochepa. Njira yodziwika ndi kuika mafuta a m'mafupa ochokera kwa m'bale wa bere limodzi amene thupi lake likugwirizana ndi la wodwala, ndipo mabanja amene amakwanitsa amapita kunja, monga ku India kapena South Africa. Chithandizo chokonza majini chotchedwa Casgevy chidavomerezedwa ku Britain ndi America kumapeto kwa 2023, pa mtengo woposa madola 2 miliyoni munthu mmodzi. Aliyense wokugulitsani botolo la zitsamba pa msika wa Soweto kapena pa WhatsApp n'kunena kuti lisandutsa SS kukhala AA akukuberani, chifukwa chilembo chimene munthu adabadwa nacho sichisukika ndi chakumwa.

Kwa achinyamata amene ali pa chibwenzi, nthawi yoyezetsa ndi nkhani ya lobola isanayambe, pamene mabanja sanalowererepo. Onse awiri apite, apemphe electrophoresis, ndipo aliyense aone pepala la mnzake ndi maso ake. AS akakwatirana ndi AA sangabereke mwana wa SS. Onse akapezeka AS, akhale pansi ndi mlangizi wa kuchipatala, ndipo akasankha kupitiriza, khanda lililonse liyezedwe likangobadwa kuti penicillin ayambe pa mwezi wachiwiri, tizala tisanatupe.